Chingwe Chinkalekeza Pakhomo pa Chipinda

Bambo anga atabwerako kumigodi ya ku Joni, anthu a kwathu kwa Malemia ankayembekezera kuona njinga yatsopano kapena makina osokera, monga ankabweretsera amuna anzawo. Iwo anatsika basi pa Domasi atasenza wailesi ya kanema. M'zaka za m'ma 1980 zimenezo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema ngakhale imodzi. Atailumikiza ku batire ya galimoto n'kuyatsa, pagalasi panangotuluka timadontho toyera ndi takuda tikudumphadumpha ngati mpunga palichero. Anthu anali atadzaza pakhonde mpaka ena kukwera pankhokwe. Amalume anga anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, zaka zonsezi pansi pa nthaka, nde kukatigulira matalala?"

Bambo anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndipo mkamwini sayankha mlamu wake pagulu. Anangomwetulira, n'kutsokomola, n'kudikira kuti anthu abalalike.

Ine sindinkawadziwa. Anayamba kupita ku Joni ndili kamwana ka mamina, ndipo akabwera patchuthi ndinkabisala kuseri kwa khitchini. Tsopano anali atabwereratu, ine ndili msinkhu wotunga madzi ndi ndowa yaikulu, koma mumtima ndinkawatchulabe kuti alendo aja. Anthu atachoka, anatulutsa m'sutikesi kabokosi kakuda kokhala ndi zingwe ziwiri. Kumapeto kwa chingwe chilichonse kunali kogwirira kokhala ndi kabatani kopotokola ngati kosakira masiteshoni pa wailesi. Analumikiza, matalala aja anatha, galasi linada bii. Kenaka kunaoneka kandodo koyera kumanja, kena kumanzere, ndi kampira kakuyenda pakati.

"Mayi, tabwera," anatero. Ankanditchula choncho ngakhale ndinali mwana. "Gwira apa. Kako ndi aka. Kampira kasakudutse."

Kampirako sikanali kozungulira n'komwe, kanali ndi makona. Ukakamenya ndi kandodo kako kankalira kuti pu, kakakudutsa kankalira kulira kwakutali konyoza, kenaka n'kuyambanso kokha. Gemu yake inali yomweyo basi. Ana amasiku ano ndikawafotokozera amandiyang'ana ndi chisoni, ngati ndinakulira m'phanga. Asiyeni. Ine sindinaonepo chinthu chokoma ngati chimenecho.

Zingwe zija zinali zazifupi, moti osewera ankayenera kukhala moyandikana, mawondo kutsala pang'ono kugundana. Ndimo mmene ndinawadziwira bambo anga. Munthu amene patebulo sankatulutsa mawu, akagwira kabatani kaja pakamwa pankamasuka. Maso ali pagalasi, ankandiuza za chikepe chotsika nacho mumgodi, za fumbi limene linkalowa mpaka m'mano, za mnzawo wa ku Mulanje amene ankaimba kutulo. Ankandinyogodola kuti dzanja langa ndi lolemera ngati ndikutakasa thobwa. Ndikawagoletsa ankanamizira batire kuti yafooka. Ankabera ndithu bambo anga, kundilozera nkhuku pakhomo kuti ndicheuke. Batire ikathadi, ankaitenga panjinga ya amalume omwe anawaseka aja kukaitchajitsa ku Zomba, n'kubwerako ali wefuwefu, akutsokomola kuyambira kumsewu.

Kenaka ndinatha msinkhu. Anankungwi anandikhazika pamphasa kunyumba kwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, n'kundipatsa malangizo. Zambiri ndinaziiwala, koma izi ayi: kuyambira lero bambo ako usakhale nawo pafupi, ukafuna kulankhula nawo ugwade chapatali, ndipo kuchipinda kwa makolo ako usadzapondekonso. Anati ndikaswa mwambo, bambo adzadwala tsempho, matenda ogwira munthu pachifuwa wina m'banja akalakwa. Nditabwerera kunyumba, bambo anandilonjera kuti, "Mwabwerako, mayi?" Anali atayamba kundinena kuti inu. Ndinapita kuseri kwa bafa kukalira.

Sitinasiye kusewera nthawi yomweyo. Tinkangokoka zingwe mpaka kumangika, iwo pampando, ine pansi chauko. Koma chifuwa chawo chinakula, thupi linayamba kutha, jekete linkawakolekeka ngati pamsomali. Kuchipatala anapitako n'kubwerako ndi mapilitsi amene sanasinthe kanthu. Tsiku lina amayi aakulu anatipeza tikusewera, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mukudabwa chani kuti munthu sakuchira? Mtsikana wamkulu kumakhala maso ndi maso ndi bambo wake tsiku lililonse! Limeneli ndi tsempho."

"Alamu," anatero bambo, "chifuwachi ndinachikumba ndekha ku Joni. Mwanayu alibe mlandu."

Anandiikira kumbuyo, koma mawu aja anali atalowa kale. Bambo akatsokomola, ndinkamva ngati ndine ndawatsamwitsa. Ndinkawerenga mumtima zonse ndinachita: kodi ndinayandikira kwambiri, kodi chitenje changa chinawakhudza? Mpaka lero amayi aakulu aja ndimawakwiyirabe, ngakhale anapita kalekale ndipo ndikudziwa kuti ankangonena zimene iwonso anauzidwa. Mwana sumusenzetsa katundu wotero.

Mpunga utayamba kucha m'madimba, bambo analeka kudzuka. Anauza amayi kuti alowetse kanema uja kuchipinda, amuike pampando moyang'ana bedi. Ine ndinati basi, zathera pomwepa. Chipindacho chinalibe chitseko, pakhomo pake pankalendewera nsalu yamaluwa yofika pansi. Masana ena ndikusesa pabalaza, ndinaona kogwirira kanga kakutuluka pansi pa nsalu ija, kakukankhidwa ndi ndodo.

"Mayi, muli pomwepo? Chingwe chafika. Gwirani."

"Ababa, nanga ndiona bwanji?"

"Maso ndi anga. Inu muzingomvera."

Ndinagwada pakhomopo, mawondo ali kunja kwa nsalu, mwambo osaswa. Iwo ankaitana ali pabedi: "Kwezani! Kwezaninso! Tsitsani pang'ono, eya!" Ndikamva pu, ndinkadziwa kuti ndamenya. Kulira kwakutali kuja kukamveka ndinkafunsa kuti kadutsa kwa ndani, ndipo pafupifupi nthawi zonse ankati kwa iwo. Munthu amene kale ankabera kuti apambane anayamba kubera kuti agonje. Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa. Amene tsopano ankatitengera batire ku Zomba anali bambo wina wachisilamu woyandikana nafe, wogulitsa usipa, ndipo sanafunsepo kuti wodwala amachita nayo chiyani.

Nyengo yonseyo nkhope yawo sindinaione. Amayi akatuluka ndi beseni ndinkawayang'ana m'maso kuti ndidziwe mmene zilili. Ndinkalakalaka kungokankha nsaluyo ndi chala chimodzi, ndiwaone basi. Koma ndinkati ndikatero ndiwamaliza.

Tsiku lomaliza linali lowala bwino, phiri la Zomba likuoneka mpaka mitengo yake. Amayi anali kudimba kukaingitsa mbalame mumpunga. Ine nditangobwera kusukulu, yunifolomu ndisanavule, kogwirira kanatuluka pansi pa nsalu. Mawu awo anali aang'ono, koma ankanyogodolabe.

"Lero ndikukwapulani, mayi. Kwezani."

Ndinakweza. Pu. Kenaka pu wa iwo. "Tsitsani." Ndinatsitsa. Anatsokomola nthawi yaitali, ine n'kudikira monga mwa masiku onse. Kulira kwakutali kunamveka.

"Ababa, kadutsa kwa ndani?"

Kampira kanayambanso kokha, n'kudutsanso, n'kuliranso.

"Ababa?"

Ndinkamva kupuma kwawo, kokoka ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Nsalu inali pamphuno panga penipeni. Dzanja ndinalikweza ndithu, n'kugwira m'mphepete mwake. Koma m'mutu munali mawu a anankungwi, ndipo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikaponda m'chipindamo, kupuma kumeneko kulekera pomwepo. Ndinkawakonda bambo anga, n'chifukwa chake sindinalowe. Ndinaponya kogwirira pansi, n'kuthamangira kudimba ndikukuwa.

Kudimba kwathu kunali kutsidya kwa mtsinje. Amayi anataya chitini choingitsira mbalame, tinathamanga tonse, iwo patsogolo. Tikulowa m'nyumba, kampira kaja kanali kakulirabe kokha. Amayi anakankha nsalu, n'kuima, n'kugwira pakamwa. Ine ndinali nditagwada kale pamalo panga paja. Amayi aakulu anafika atamva kukuwa, anasuzumira, kenaka anandigwira paphewa mofatsa.

"Lowa tsopano, mwanawe. Palibe choletsa."

Sindinafunike kulowa. Bambo sanali pabedi. Anali atatsika, n'kukwawa kudutsa chipinda chonse ndi thupi lija lopanda mphamvu. Anali atagona chafufumimba pansi, kuseri kwenikweni kwa nsalu, dzanja limodzi atalitambasula. Nsonga za zala zawo zinali zitatulukira kunja, pamalo pamene ndinkaika mawondo.