Chikhadabo Chotsegulira Mpeni wa Agogo

Makolo anga atamwalira, agogo ananditenga kukakhala nawo ku Chinsapo. Ankagulitsa masamba pa benchi, panja pa mpanda wathu. Anyamata osakwatira ankakonda kugula kwa iwo chifukwa ankawaduliratu repu, kuti akangofika kunyumba n'kutereka.

Mpeni wawo unali wopinda, wa chigwiriro cha mtengo, umene agogo aamuna anasiya. Unanoledwa mpaka kuwonda ngati tsamba la bango. Kuti utseguke, munthu ankalowetsa chikhadabo m'kamzere ka pachitsulo n'kukoka mwamphamvu. Zala za agogo zinali zitapindika ndi nyamakazi, choncho ntchito imeneyo inali yanga. M'mawa uliwonse ankamasula mfundo ya chitenje, n'kundipatsa mpeniwo.

"Tatsegula, mayi."

Kutseka ankatha okha, pongokanikiza msana wa mpeni pa benchi.

Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Ana a amalume akabwera patchuthi ankaimba ndi kuvina, agogo n'kuseka mpaka misozi. Ine ndinalibe zimenezo. Ndinali ndi chikhadabo. Cha chala chachikulu chakumanja ndinkachisunga chachitali, ndipo aphunzitsi akamayendera ukhondo ndinkachipindira m'dzanja.

Ndili mu Sitandade 6, msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, anabwera kuchokera ku Joni. Anatipeza m'mawa ndikulimbana ndi mpeni uja.

"Agogo, mpaka lero mukadali ndi chimpeni cha nthawi ya atsamunda? Chidzamudya chala kamsuweni kangaka."

Anapisa m'thumba la jinzi n'kutulutsa wake. Unali wakuda, wopepuka, wokhala ndi kachitsulo kopanira pathumba. Kumbuyo kwake kunali kanthu kotuluka ngati dzino. Anangokakhudza ndi chala, thwa, mpeni watseguka.

"Tayesani, agogo."

Agogo anaugwira patali ngati njoka. Anakhudza kadzino kaja ndi chala chawo chopindika, thwa.

"Mayo ine! Ukutseguka ngati ambulera!"

Anaseka onse awiri. Agogo anamugwira m'mapewa. "Mulungu akudalitse, bambo wanga. Wandiganizira."

Ine zaka zonsezo ndinkatsegula mpeni popanda wondidalitsa. Wakale uja anauponya m'chitini cha misomali ndi mabatani.

M'mawa mwake ndinaima pafupi ndi benchi nditavala yunifolomu, chala chili chire. Agogo anasolola mpeni umene anapanira m'chiuno, thwa, n'kuyamba kudula repu.

"Ukudikira chiyani? Uchedwa kusukulu."

Ndinayenda njira yonse ndikukanda chikwama ndi chikhadabo chija. Sabata imeneyo ndinkapemphera kuti mpeniwo uchite dzimbiri, kapena ugwere m'ngalande. Sunachite dzimbiri. Ankati chitsulo chake sichidziwa madzi, komanso sichibuntha msanga, moti ngakhale mwala wonolera, umene ndinkawatengera Loweruka, unangokhala pakona. Msuweni ankakhala pa benchi tsiku lonse, kuwasimbira agogo za ku Joni, ndipo madzulo ankawatsekera mpeniwo iye, uku akuyankhula. Ine ndinkayang'ana zala zake ndili pakhonde.

Tsiku limene msuweni anabwerera ku Joni, agogo anatolera masamba otsala dzuwa likulowa. Anakanikiza msana wa mpeni pa benchi monga ankachitira ndi wakale. Unakana. Anakanikizanso. Mipeni yatsopanoyi ili ndi loko m'kati mwa chigwiriro, kachitsulo kopyapyala kamene kamagwira mpeni kuti usapindikire zala. Umayenera kukakankhira pambali ndi nsonga ya chala. Agogo sanaone zimenezo, ankamvera nkhani. Ine ndinaona.

Anautembenuza, kuugogoda, kuunong'oneza mawu osayenera mayi wa mvano. Kenako anatembenuka.

"Iwe, maso ngati kadzidzi! Ukungondiyang'ana? Tabwera."

Ndinapukuta manja pa diresi. Chikhadabo chinalowa bwinobwino pa kachitsulo kaja, mpeni n'kupindika mwakachetechete.

Agogo anandiyang'ana, n'kuyang'ana chala changa.

"Ndiye usachiwenge chimenecho, wamva?"

Kuyambira pamenepo ndinkatseka mpeni madzulo aliwonse mpaka agogo anasiya kugulitsa. Koma makasitomala akamva thwa uja n'kufunsa kuti, "Mwautenga kuti umenewu, amayi?" yankho silinkasintha.

"Mdzukulu wanga wa ku Joni."

Ine ndinkakhala pakhonde pomwepo, chala chili m'dzanja, kudikira kuti kude.