Injini Yokafikira ku Phalombe

A Hilario Namakhwa anafika ku Nsaru pa lole yonyamula matenanti, chaka chimene dziko linangoyamba kumene zipani zambiri. Anachokera ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, ali mnyamata wa chikwama chimodzi. Potsanzika anawauza mayi awo kuti akalima fodya madzinja awiri basi. Mayiwo anaseka n'kunena kuti, "Pobwera usadzakwerenso lole ngati mbuzi. Udzabwere ukuyendetsa wekha." Anali macheza chabe, koma mnyamatayo anawasunga mumtima.

Pa esiteti analima, kusoka fodya ndi kupachika m'zigafa, mpaka dalaivala wa thirakitala atayamba kudwaladwala anawaphunzitsa chiwongolero. Madzinja awiri aja anachuluka osadziwa. Anakwatira Naomi, mtsikana wa ku Kabudula amene ankagulitsa zitumbuwa pachipata, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Anthu a m'mudzimo anavutika ndi dzina loti Namakhwa, ndiye anangoyamba kuwaitana kuti a Phalombe.

Esiteti itatsekedwa, mwini wake anagulitsa zonse, ndipo a Hilario anagulako pikiapu yoyera yakale imene inkanyamula feteleza. Anayamba matola pakati pa Kabudula ndi Nsaru, kunyamula matumba a mtedza, amayi apakati, nthawi zina ndi maliro. Chaka chilichonse akakolola ankati ulendo wa kumudzi ndi uno, koma kunkapezeka china. Mwina matayala atha, mwina mwana wawo Alinafe akufunika za kusukulu. Kumudzi anapitako pa basi pa maliro a bambo awo, koma kwa iwo umenewo sunali ulendo uja.

Kenako injini inanoka n'kuferatu pa chitunda china chakufupi ndi Nambuma. Ng'ombe za mlamu wawo ndi zimene zinakoka galimotoyo kuibweretsa pakhomo. Inakhala pansi pa mtengo wa mthethe, matayala n'kuphwa, nkhuku n'kumaikira mazira pampando. Chaka chotsatira Naomi anadwala, ndipo mvula isanagwe anamwalira. Abale a mkaziyo sanawathamangitse, anati mwakalamba nafe, khalani. A Hilario anakhaladi, koma anayamba kulankhula pang'ono. Madzulo ankakhala pakhonde kuyang'ana kum'mwera, kumene kulibe phiri lililonse, minda yokhayokha mpaka kumene maso alekeza.

Tsiku lina mlongo wawo anaimba foni kuchokera ku Phalombe.

"Achimwene, amayi maso anasiya kuona. Akamva galimoto pamsewu amafunsa ngati ndi inu."

Sabata yomweyo a Hilario anagulitsa ng'ombe ndi mtedza wonse, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Ku Biwi, mu Lilongwe, anawalozera mpanda wa malata kumene amaphwasula magalimoto akufa. Mkatimo munali zitseko zounjikana, mipando yong'ambika, ndi mainjini atakhazikidwa pa matayala akale, nthaka yonse yakuda ndi oyilo. Mwini malowo anali Gladson, bambo wamfupi wa ovololo yopanda mabatani. Atamva mtundu wa galimoto anawatengera kukona n'kuvundukula lona.

"Iyi ndiye yanu, madala. Yabwera mwezi watha."

"Inachoka m'galimoto yotani?"

"Inagundidwa kumbuyo pamsewu wa Mchinji. Kutsogolo konse kunali bwinobwino."

A Hilario anafunsa kuti, "Munafa munthu?"

Gladson anawayang'ana, poti funso limenelo ogula safunsa. "Ayi. Mwini wake anabwera yekha kudzatigulitsa, akuyenda ndi miyendo yake."

Analumikiza batire, anaika paipi m'botolo la petulo, n'kuiliza ili pansi pomwepo. Inatsokomola kawiri, kenako inagwira, matayala aja akunjenjemera. A Hilario anagwada kuyang'ana utsi, anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kufikisa pa zala. Panali patadutsa zaka asanamve kulira kumeneko pafupi chonchi.

"Kodi ingakafike ku Phalombe?"

"Kukunamizani sindingathe, yakale ndi yakale. Muziyenda pang'onopang'ono, madzi musasiye. Kukafika ikafika. Zobwerera mukaonera konko."

Injiniyo inafika ku Kabudula pa lole ya wogula soya. Rodwell, makaniko wa pa Nsaru, anaikoleka ndi unyolo pa nthambi ya mthethe uja n'kuitsitsira m'malo mwake. Italira, amayi a m'mudzimo anatuluka m'nyumba zawo atagwira pakamwa. Alinafe, amene tsopano anali pabanja, anasiyira ana apongozi ake nati bambo ake sangayende okha ulendo wotero.

Ananyamuka m'mawa atakweza matumba a chimanga ndi zigubu za madzi. Pa Dedza injini inatentha, anaima mpaka itazizira. Pa Ntcheu anagula mbatata ndi kabichi. Atadutsa Zomba, phiri la Michesi litayamba kuoneka kutsogolo, a Hilario anangoti maso pa phirilo.

Mayi awo anawapeza atakhala pamphasa, atachepa thupi ngati mwana. Nkhalambayo inapempha kuti aigwire dzanja, aiperekeze pamene paima galimotoyo. Inasisita boneti ikadali yotentha, inapapasa galasi, inagwira chitseko.

"Wayendetsa ndani?"

"Ndayendetsa ndine, amayi."

"Chabwino," anatero mayiwo, n'kupempha kuti awabwezere pamphasa.

Anakhalako masiku angapo. Mayi awo ankawalankhula Chilomwe, iwo n'kumayankha m'Chichewa chifukwa mawu ena anali atawathawa. Anzawo amene ankasaka nawo mbewa, ambiri anali kumanda, ena ku Joni. Munda umene ankaudziwa unali utagawidwa timagawo, pomwe panali mtengo wa mango pali golosale. Adzukulu a mlongo wawo ankathamanga kukauza anzawo kuti kwabwera agogo a ku Lilongwe.

M'mawa wina Alinafe anawapeza ataima kuseri kwa nyumba, phiri lili kumsana kwawo.

"Bambo, mwaima pano nthawi yonseyi?"

"Ndimaganiza za mayi ako. Udzu pamanda paja uyenera kuti wakula. Komanso kwathu kuja mitambo ikayamba chonchi, anthu amakhala atayamba kale kugalauza."

Alinafe anamva kuti mawu oti kwathu akunena ku Kabudula.

Potsanzika, mayi awo sanawakanize. Anangowagwira nkhope ndi manja onse awiri kwa kanthawi, n'kuuza mlongo wa a Hilario uja kuti awapatse nandolo ndi nthochi za panjira.

Injini ija inabwerera nawo, ngakhale pa Balaka inayamba kudya oyilo ndipo anafika ku Kabudula ikufuka utsi wabuluu. Rodwell anaikonza mmene akanathera. Mayi awo anamwalira dzinja lomwelo, ndipo a Hilario anapita ku maliro pa basi, poti galimotoyo sikanathanso ulendo wautali.

Masiku ano amayenda nayo maulendo apafupi okha, tsiku la msika pa Nsaru ndi pamene wina wadwala. Nandolo anabwera naye uja anamubzala m'mphepete mwa munda wa malemu Naomi. Akamanyamula anthu n'kumva wina akulankhula m'kamvekedwe ka kum'mwera, amamuitana kuti akhale kutsogolo, n'kumamufunsa za kumeneko njira yonse, ngati mvula yagwa, ngati mlatho wakuti ulipobe. Munthuyo akatsika, a Hilario amamuyang'ana kaye akupita asanalize galimoto.