Goloboyi wa ba Malume anatembenukira ukonde

Muli bwanji nonse? Nivomere msanga ba Malume asanalembe zawo: ninayambitsa ndine.

Dzulo gemu ya mpira ija timasewera pa foni inalandira apudeti, koma inabwera ndi chilema. Ukamenya mpira uli pakati pa bwalo, goloboyi amatembenuka n'kuyang'ana ukonde, n'kungoima ngati akudikira minibasi pa Silverest. Ine ninazindikira, koma sininauze munthu.

Lero m'mawa ninawaputa ba Malume, paja amati Palabana yonse palibe wowagonjetsa. Tinapangana kuti woluza asesa khola la nkhuku. Ninawamwetsa zigoli 12 kwa 0! Anapukuta magalasi, anapukuta foni, mpaka anakalipira goloboyi: "Iwe, tembenuka!" Kenako anatenga fosholo n'kulowa m'khola.

Ali mkati, foni yawo inalira. Opanga gemu atumiza uthenga: "Talakwitsa ndife pa apudeti, magoloboyi tawakonza, pepani." Ba Mayi anawawerengera mokweza pakhomo la khola.

Ba Malume anatuluka nthenga ili pamutu, n'kuniitana dzina. "Mabvuto, a kampani avomera kulakwa kwawo. Nanga iwe?"

Ninati, "Ba Malume, chilema sininapange ine, ninangochigwiritsa ntchito."

Basi, ba Malume agamula: kusesa khola ni kwanga sabata yonse. Palibe vuto, nkhuku zija zinaona amene anayamba kusesa.

Nanga inu mukuti shani, 12 ija ifufutidwe? Ine nikuti ikhale. Kampani yapepesa za goloboyi, za zigoli zanga sinatchule.