Mlonda Wothamanga ndi Makutu

Asanakhale mlonda, Ba Oswell Kalenga ankanyamula feteleza pakampani ina kudera la mafakitale la Heavy Industrial. Ankasenza matumba atatu nthawi imodzi, ena amati asanu, ndipo lole ikakana kulira ankaikankha ndi dzanja limodzi, linalo akukukuta chimanga chowotcha. Kampani itagulitsidwa, antchito onse anawauza kuti azipita kwawo. Umu ndi m'mene chimphona chija chinakathera pageti la a Chishimba ku Kabulonga.

Lamulo la pakhomopo linali limodzi: hutala ikalira kachiwiri geti lisanatseguke, mlonda akafune kwina. Masiku amenewo mbava zinkalanda magalimoto pageti penipeni, ndiye abwana sankafuna kuima panja. Vuto ndi lakuti mlonda wa masana ndiyenso wothirira kapinga ndi wosambitsa agalu kuseri kwa nyumba. Hutala ikati pii, liwiro.

Dzinja lina anaterereka pamatope ali paliwiro lomwelo. Bondo linati phwa, mpaka agalu a ku Woodlands anauwa. Adokotala anati chang'ambika ndi chichereŵechereŵe, kanyama kolimba kamene kamaletsa mafupa kukhulana. Anasoka, n'kuwachenjeza:

"Miyezi isanu ndi umodzi osathamanga, mudala. Ici sicimelanso monga cibwabwa, masamba a maungu aja."

Patangotha milungu inayi anali atavala kale yunifolomu. Mkazi wawo Emmy anaima pakhomo la kanyumba kawo ku Kabwata, n'kuwaitana potchula dzina la mwana wawo.

"Bashi Mwape, muyenda kuti na mwendo umodzi?"

"Nanga ana azadya bandeji?"

Akafika kuntchito, ndodo yoyendera ankaibisa m'maluwa. Chimene chinawapulumutsa ndi galimoto ya abwana, nkhalamba yotsokomola ngati yasuta fodya zaka makumi anayi. Ba Kalenga ankaimva ikadali kutali, mwina ikadali ku Northmead. Ankasiya paipi, n'kuyamba kutsimphina pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, ndipo hutala ikamalira dzanja linali kale pachitsulo. Abwana ankawatama kwa alendo kuti mlonda wawo ndi mphezi.

Bondo nalo linayamba kumva. M'mawa uliwonse ankalipinda ndi kuliwongola kakhumi, mano ali gwa, monga anawaphunzitsira kuchipatala. Kutupa kunaphwa. Mwezi wachisanu anakwera minibasi popanda kondakitala kuwakoka ngati thumba la makala. Unangotsala mwezi umodzi.

Ndiye abwana anagula galimoto ya ku Japan. Zimenezi siziyenda, zimanyang'ama ngati mphaka.

Linali Lachisanu masana, iwo ali kuseri, galu ali thovu lokhalokha. Pii!

Sanamve chilichonse chikubwera. Geti linali kutali. Akayenda, ntchito yatha. Akathamanga, bondo latha. Anaganiza za ana awo anayi, n'kuthamanga.

Hutala yachiwiri sinalire. Abwana analowa akumwetulira, natsitsa galasi.

"Waiona, Kalenga? Siimveka na pang'ono!"

"Yabwino maningi, bwana."

Anachita sawasha, anatseka geti, kenako anatsetsereka nalo mpaka pansi. M'bondomo munali ngati mwathiridwa mabotolo osweka. Adokotala atayang'ana anapukusa mutu: panalibenso chosoka. Mwezi usanathe, yunifolomu ija inali pathupi la munthu wina.

Lero Ba Kalenga amakhala pampando m'mbali mwa msewu ku Kabwata, mwendo uli tantha ngati mtanda, akuyang'anira tomato wa Emmy. Galimoto yakale ikamabwera amaitchula mtundu wake isanaonekere, ndi matenda ake omwe. Ya ku Japan ikadutsa, amangolavula.