Kamba wa Mwana Wolowerera

Lero pamsika wa ku Tsangano fungo la kachewere wowiritsa landibwezera m'kapela ya kumudzi kwathu, titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo.

Achinyamata anakonza sewero loimba la mwana wolowerera, ndipo wolowererayo anali achimwene anga. Chotchingira kutsogolo chinali mabulangete awiri otuwa a kukampu ya othawa nkhondo, osokedwa pamodzi. Ine ndinakhala pamphasa nditatsamira amayi, poto wa kachewere woti tidye pa intervalo, nthawi yopumulira, akunditentha m'nthiti.

Gawo loyamba linkatha ndi nyimbo yotsanzika. Achimwene anasenza kamtolo, ng'oma zinaleka, kwaya ikung'ung'udza pansipansi, iwo akuimba okha. Anadutsa pakati pa anthu kulunjika kukhomo. M'kapela monse azimayi ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje.

Amayi anadzambatuka.

"Iwe, taima! Upita wopanda kamba?"

Akatekisita ananong'ona kuti, "Mayi, ndi sewero chabe. Abweranso ikatha intervalo."

"Ndikudziwa, malaya wavalawo ndasoka ndine. Koma wanga sachokanso chimanjamanja. Tsiku tinkathawa lija zinakwana."

Anavula duku, anakulungamo mbatata za kachewere zinayi zotentha, n'kuika m'manja mwa achimwene. Palibe amene anaseka. Mayi wina wa pabenchi yakumbuyo anamasula kamchere pansonga ya chitenje n'kuwonjezerapo.

Achimwene sanadule nyimbo. Anatuluka akuimbabe, phukusilo akulisinthasintha dzanja ili ndi ilo chifukwa cha kutentha, nthunzi ikufuka padzuwa. Bambo amene ankakoka mabulangete aja anangoima kukamwa yasa, mpaka anaiwala kutseka chotchingiracho.