Chilimwe Chimene Anatitulutsa mu Laibulale

Bedi langa loyamba linali shelefu ya mabuku. Amayi anaigoneka pansi nayalapo chiguduli, ndipo ndikatembenuka, fumbi la chiswe linkandilowa m'mphuno. Tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale yakale ya ku Chipyela, pachilumba. Tinalowamo titathawa nkhondo kwathu ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja, bambo atatsikira kuli chete komweko. Nyumbayo inali yosiyidwa, denga lodontha, mazenera opanda magalasi. Amayi ndiwo ankasesa, kutchera mabeseni mvula ikamagwa, ndi kuyanika mabuku pathanthwe pambali pa chinangwa chawo. Sankadziwa kuwerenga, koma buku lonyowa linkawawawa ngati ufa wotayika. Ine zilembo ndinazidziwira m'menemo.

Nkhondo itatha, kunamveka kuti kwapezeka akufuna kwabwino oti akonze laibulaleyo. Aphunzitsi athu, amene ankatsogolera komiti ya ntchitoyo, anafika ndi chingwe choyezera. Sanaodire n'komwe. Anayeza chipinda chathu ife tili momwemo, chingwe chikudutsa pamwamba pa mbale zathu.

"Kwanu kuli mtendere tsopano," anatero. "Ngalawa zikuwoloka tsiku ndi tsiku."

Amayi anagwada n'kuyankha kuti kutsidya kulibe wowadikira, kwangotsala manda. Aphunzitsiwo anangopinda chingwe chawo n'kutuluka.

Lero sindikana kuti nyumbayo inkafunika kukonzedwa. Ikanagwa. Koma munthu amene ankatikwapula tikalowa m'kalasi osagogoda ndiye analowa pathu ngati akulowa m'munda wopanda mwini, ndipo mtima wanga sunamumasule mpaka pano.

Simenti ndi malata zinabwera pa sitima. Ntchito yogumula khoma la chipinda chathu inaperekedwa kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anakwatira ku Yofu ndipo ankadziona kale ngati mbadwa ya pachilumba. Anafika m'mawa atasenza chinyundo. Amayi anaima pakhomo atatambasula manja.

"Yambani ndi ine, achimwene."

Amalume anayang'ana pansi. "Ndikakana ine abwera ena, mlongo wanga. Nanga ana anga adya chiyani?"

Kuchokera tsiku limenelo, akakumana pamsika amayi ankatembenukira kumbali n'kulavula. Katundu wathu tinamusenza pamutu mpaka ku Khuyu, kumene mayi wina wa kutchalitchi anatibwereka khitchini yake yautsi kuti tizigonamo.

Kusukulu analamula kuti mwana aliyense azituta mchenga wa ntchitoyo. Ndinatuta nawo. Ndikukumbukira mchenga wa chilimwe ukundiwotcha mapazi, ndowa ikundidinda pamutu, anzanga pambuyo akuimba kanyimbo kawo kondifunsa kuti ngalawa yanga inyamuka liti. Fungo la laimu linkandiyabwa kukhosi. Ndikafika, ndinkasuzumira pazenera latsopano kuona pamene panali mafuwa athu. Amisiri ankapakapo penti yoyera, koma mwaye wa moto wa amayi unkatulukiranso, iwo n'kupakanso akutukwana. Zimenezo zinkandisangalatsa. Ndikakawauza amayi, sankaseka. Ankangopitiriza kusankha usipa wawo wokagulitsa, milomo ili gwa.

Tsiku lotsegulira, anthu anadzaza bwalo. Panali kwaya, mipando yobwereka kusukulu, ndi nsalu yoyera pathebulo la akuluakulu. Malata ankanyezimira mpaka maso kuwawa. Sindinkayembekeza kuti amayi apita, koma anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nandigwira dzanja, tinakaima kumbuyo pansi pa mlambe. Mwina ankadikira kuti wina anenepo kamodzi kokha za munthu amene anasunga mabukuwo zaka zonse zija. Amalume anali kutsogolo pamodzi ndi amisiri anzawo, osacheuka.

Aphunzitsi anaimirira, nakonza tayi yawo.

"Nyumba iyi inasanduka khola," anatero. "Zaka zonsezi munkagona mbuzi ndi mileme. Lero taibwezera kwa anthu."

Anthu anaomba m'manja, ena akuseka, ena akucheukira kumene tinaima. Nanenso ndinaseka mokweza, n'kukoka chitenje cha amayi.

"Amayi, mbuzi zake ziti? Bwanji ife sitinazionepo?"

Zikhadabo zawo zinandilowa padzanja mpaka magazi. Anandikoka n'kuchoka nane tisanaone riboni ikudulidwa. Ndinayenda njira yonse ya ku Khuyu ndikulira, ndikufufuza m'mutu mwanga pakona pamene mbuzizo zikanabisala. Mileme ndinkaidziwa, inkalendewera kudenga. Koma pansi, m'nyumba yonse ija, munkagona awiri okha: amayi ndi ine.