Kalata Yoyanikira Matiresi

A Tofazzal anapuntha thonje zaka makumi asanu ndi ziwiri m'tauni ya Khulna, ndipo palibe amene anawamvapo akuyetsemula. Ankagwira ntchito m'kati mwa fumbi loyera mpaka nsidze zawo zinkaoneka ngati za munthu wogwera m'thumba la ufa, koma chifuwa chawo chinali cha njati yolima m'munda wa mpunga.

Nyengo yozizira ikamayandikira ankayenda m'tinjira ta m'tauni, uta wopunthira thonje uli paphewa, akuliza nsinga yake ndi chala. Sankaitanira malonda. Nsingayo ndiyo inkawalankhulira, ndipo amayi ankasuzumira pamadenga n'kuwakodola. Ankamasula msoko wa chofunda chakale, kutulutsa thonje lomwe linali litaumbika ngati dothi, n'kulipuntha pabwalo mpaka lifufume. Akatero ankalibwezera m'nsalu yofiira n'kusoka. Ntchito yawo inali yomweyo, chaka ndi chaka.

Mkazi wawo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Anisul, ali ndi zaka khumi. Kuyambira tsiku la maliro sanametenso ndevu. Analumbiranso kuti mwanayo sadzagwira uta, ndipo lumbirolo linakwaniritsidwa mpaka kupitirira. Anisul anaphunzira, analowa ntchito kubanki, anakwatira Rumana, mwana wa mphunzitsi wamkulu, n'kukakhala pansanjika yachisanu ndi chitatu ya nyumba ina yatsopano. M'nyumbamo munali kapeti kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, makatani olemera, ndi makina oziziritsa mpweya. Mawindo sankatsegulidwa poopa fumbi la mumsewu. Matiresi anali a siponji, ochindikala ngati khoma, amtundu womwe uja umene unapha ntchito ya bambo ake.

A Tofazzal sanadandaule. Anakhalabe m'kachipinda kawo ka malata kuseri kwa msika, ndipo Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankakwera chikepe cha m'nyumba yosanja ija kukaona mdzukulu wawo Jhumur. Ankamutengera mpunga wokazinga wothira shuga wa kanjedza. Mtsikanayo ankakhala pamiyendo pawo n'kumaluka ndevu zija ngati tsitsi la chidole, iwo ali phee, kuopa kumusokoneza.

Atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, Jhumur anayamba kuyetsemula. Akangodzuka m'mawa ankayetsemula kakhumi, mwina kakhumi n'kasanu, maso ali psuu, mamina ali chuu. Kenako m'chifuwa mwake munayamba kulira ngati muli kamphaka. Rumana anali mayi waukhondo, wopukuta ngakhale masamba a maluwa apulasitiki. Anafufuza nyumba yonse kufuna chakuda, osachipeza. Chinthu chokhacho cha fumbi chimene chinkalowa m'nyumbamo chinkabwera Lachisanu, pa chikepe.

Choyamba kuchoka chinali chofunda chofiira chimene a Tofazzal anasokera mwanayo atangobadwa. Anachipereka kwa Idris, mlonda wa pageti. Sabata yotsatira a Tofazzal tiyi wawo anamwera pakhomo, pampando wovulira nsapato.

"Abba, si kuti ndinu auve ayi," anatero Rumana, akuwaitana ndi mawu a kwawoko otanthauza bambo. "Koma thonje limakakamira. Lili m'malaya, lili m'tsitsi. Makamaka m'ndevumo."

"Ndasamba, mayi a Jhumur."

"Tikudziwa, Abba. Koma fumbi la zaka makumi asanu silichoka ndi sopo mmodzi."

A Tofazzal anayang'ana mwana wawo. Anisul anali kuyang'ana foni.

"Mungoyamba mwapumulako, Abba," anatero osadzutsa mutu. "Tione ngati asinthe."

Lolemba a Tofazzal anapita kwa wometa wa pansi pa mtengo wa kumsika. Wometayo anawafunsa katatu asanagwire lumo. Atatha, anapita komwera tiyi monga mwa masiku onse, ndipo anzawo sanawasiye.

"Kodi mnyamata uyu ndi wa kwa yani?" anatero a Gofur, amene anakalambira pa riksho, njinga yonyamula anthu. "Akulu, namwaliyo mwamupeza kuti? Neneranitu, tichape malaya a ukwati."

"Chibwano ngati dzira losenda," anawonjezera mwini tiyi.

"Ndi za mwana," anatero a Tofazzal.

"Mwanayo akudwala ndevu?"

A Tofazzal anangonyamula kapu. Anamwa tiyi wawo, akudabwa mmene kapu inkazizirira pachibwano.

Lachisanu anapita ndi malaya atsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe. Idris sanawazindikire msanga. Atawazindikira anaimba foni kumwamba, ndipo yankho linali lakuti ayambe adikira mwezi umodzi, kuti zioneke bwino. Jhumur anawabayibitsa pawindo lotseka, kamutu kake kakuoneka ngati kambewu ka mpiru.

Mwezi uja unasanduka miyezi itatu. Inali nyengo ya mvula, pamene mchere umasungunuka m'botolo ndipo nsapato zimachita chuku pansi pa bedi. A Tofazzal ankameta Lachinayi lililonse, Lachisanu n'kudzakhala pabenchi ya Idris ola limodzi, maso ali kuwindo. Mpunga wokazinga uja sunkaloledwa kukwera. Ankadya Idris, ndipo ananenepa nawo.

Mwanayo sanasinthe. M'malo mwake, m'mawa wina anabanika mpaka milomo kuda, nagonekedwa m'chipatala masiku awiri. Anatuluka ndi kampope kopopera m'kamwa ndiponso kalata yopita kwa dokotala wa zifuwa. Rumana anatuma mwamuna wake kuti akawatenge bambo ake. Ankaganiza kuti mwina fumbi lawo linatsalira m'makatani, ndipo ankafuna kuti amve okha, kuchokera pakamwa pa dokotala, chifukwa chake sangalowenso.

Dokotalayo anali mayi wachikulire wa magalasi. Anadontheza timadzi pamkono wa Jhumur m'mizere iwiri, n'kumabaya pang'ono padontho lililonse. Patapita mphindi khumi ndi zisanu, malo amodzi anatupa ngati pamene paluma linthumbu.

"Ndi thonje, eti adokotala?" anafunsa Rumana.

"Ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba. Tili ngati nthata, koma ndi maso simungatione. Timakhala m'matiresi, m'mapilo, m'kapeti, m'zidole zaubweya, n'kumadya timamba ta khungu timene timayoyoka munthu akagona. Sitiluma. Kungoti thupi la mwanayu limadana ndi zitosi za tizilomboti."

"Kwathu kulibe fumbi. Mawindo sititsegula n'komwe."

"Ndiye mwatimangira nyumba yabwino. Timakonda chinyontho ndi zipinda zotseka. Pamene ndinkayamba ntchito, ana otere ndinkawaona mwa apo ndi apo. Lero adzaza benchi panjapo, ndipo ambiri abwera pa galimoto. Mmene tikumangira nyumbamu, ndikuona kuti achulukabe. Matiresi a mwanayu munawayanika liti?"

"Ndi ochokera kunja, adokotala. Safuna kuyanika."

"Tizilomboti sitinapite kusukulu, mayi. Sitiwerenga dzina la fakitale."

Anayamba kulemba, akutchula chimodzichimodzi. Kapeti achoke. Zidole zichepe. Nsalu zogonera zichapidwe m'madzi otentha sabata iliyonse. Mawindo azitsegulidwa kukacha bwino. Chogonera chikhale chopepuka, choti munthu n'kuchinyamula kukachiyanika padzuwa lamphamvu ndi kuchikuntha mwana ali kutali. Anati m'thonje namonso timakhalamo ngati losayanika, ndipo dzuwa silichiza, limangothandiza, choncho mankhwala asasiye.

A Tofazzal anali atakhala pakampando pafupi ndi chitseko, kumene anawaika. Anakhosomola pang'ono.

"Pepani, adokotala. Nanga m'ndevu timakhalamo?"

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndevu ziti, bambo?"

"Zinalipo."

"Ayi. M'ndevu sitikhalamo."

A Tofazzal anasisita chibwano chawo kamodzi n'kubweza dzanja pabondo. Rumana anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama chake, ndipo anachifunafuna mpaka kukafika kunyumba.

Unali mwezi wa Bhadro, pamene mvula imapumira ndipo dzuwa limaswa mtengo. Mwezi umenewu amayi a ku Khulna akhala akutulutsa zofunda m'mabokosi n'kuziyala pamadenga kuyambira kalekale, popanda dokotala wowauza. Tauni yonse inali yofiira ndi zofunda. Nyumba ya Anisul yokha ndiyo inali yoyera, chifukwa inali ndi lamulo lomatidwa m'chikepe: kuyanika zogonera padenga kapena pakhonde n'koletsedwa, pakuti kumaonetsa nyumba ngati ya amphawi. Pansi pa lamulolo panali dzina la mlembi wa komiti ya eni nyumba. Mlembiyo anali Anisul.

Anayesabe mobisa, Loweruka masana anthu akugona. Anisul, Idris ndi anthu awiri aganyu analimbana ndi matiresi a siponji aja pamasitepe opita kudenga. Anakakamira pakhona ngati ng'ombe yokana dibi. Anawakankha, anawapinda, anawatukwana, mpaka anawabweza kuchipinda. A Tofazzal anaonerera zonsezi ali chiimire pakhomo. Kenako anapempha kulowa, anayeza bedi la mwanayo ndi mkono wawo, mikono inayi m'litali, iwiri m'lifupi, n'kumapita.

Anabwera patatha masiku atatu atakwapatira matiresi opyapyala a thonje latsopano, osokedwa m'nsalu yothinana ulusi. Mwana wasukulu akanatha kuwanyamula. Rumana anawalandira ndi manja awiri.

"Abba, lowani," anatero. "Tiyi ali pabalaza."

Kupepesa kwake kunali komweko, ndipo iwo anakulandira.

Lachisanu Idris anawatsegulira chitseko cha kudenga. Kuseri kwa thanki ya madzi kunali chofunda chofiira chitayalidwa padzuwa, chija anasokera Jhumur.

"Ine ndimayanika, amalume," anatero Idris. "Komiti imathera pomwe chikepe chimathera. Masitepe sakwera."

Koma wina wa pansanjika yachisanu ndi chinayi anamva kukuntha, ndipo nkhani inafika kwa wapampando, bambo wina wopuma ntchito ya kasitomu amene ankakhulupirira kuti chilichonse chodutsa pachitseko chiyenera kukhala ndi pepala. Komiti inakumana kawiri. Anisul analemba yekha mawu omudzudzula iye mwini, chifukwa ndiye anali mlembi. Pomaliza anagwirizana kuti lamulo likhalebe, koma munthu amene ali ndi kalata ya dokotala atha kuyanika, bola zoyanikazo zisaonekere kumsewu. Dokotala uja analemba kalatayo, nadinda chidindo.

Rumana ankauza anzake m'chikepe kuti ndi njira yatsopano imene madokotala akulimbikitsa masiku ano. Chaka chisanathe, m'nyumbamo munali makalata ena anayi, pakuti ana oyetsemula sanali Jhumur yekha. Amayi ena anayamba kufunsa za bambo aja odziwa zogonera, ngati angawasokerenso matiresi opyapyala. Uta uja unatsika pamsomali pamene unakhala nthawi yaitali wopanda ntchito. Mkazi wa wapampando anaitanitsa awiri, napempha kuti nsalu yake isakhale yofiira.

Jhumur sanachire. M'mawa amayetsemula katatu m'malo mwa kakhumi n'kasanu, ndipo kampope kake kamakhala m'chikwama cha kusukulu. Nyengo ya mvula chifuwa chimabwererako. Koma kuchipatala sanagonekedwenso.

Tsopano Lachisanu lililonse a Tofazzal amakwera kudenga ndi matiresi a mdzukulu wawo. Amawayala, amawatembenuza, ndipo dzuwa likapendeka amawakuntha ndi ndodo ya nsungwi. Akatha amasamba pampopi wa pathanki, kusintha malaya, n'kutsika. Palibe amene amawauza kuti asambe. Amangosamba.

Ndevu zinamera, koma pausinkhu wawo sizifulumira. Zinafika kutalika kwa chala n'kuima. Jhumur amayesa kuziluka, zimamasuka.

"Agogo, munazidulirenji?"

"Kunkatentha."

"Bodza. Inali nthawi ya mvula."

"Ndiye kunkanyowa."

Kalata ya dokotala ija a Tofazzal amaisunga m'thumba la malaya, atayikulunga m'pulasitiki. Kuwerenga sadziwa, koma chidindocho amachidziwa, ndipo wapampando akatuma munthu kudzaona, amaitulutsa n'kuionetsa mwaulemu. Masiku ena amayala matiresi, mtambo n'kubwera kuchokera kumtsinje. Amakhala pansi pafupi ndi Idris, n'kudikira. Akadikira nthawi yaitali amagwira thumba lija, n'kuyang'ana kumwamba.

"Mwina dzuwali silinauzidwe kuti tili ndi chilolezo," amatero.